Kusamalira Galu Wochitidwa Opaleshoni m'Chigwa cha Dedza

Ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, kumene dzuwa limaswa mtengo mu Okutobala, galu amene wangothenedwa, kutanthauza kuti wachitidwa opaleshoni yomuletsa kubereka, amasautsidwa kwambiri ndi ntchentche, zimene zikaikira mazira pabala, mphutsi zimaoneka pasanathe masiku awiri. Mwini wake ayenera kumugoneka pamthunzi, pathumba louma, madzi akumwa ali pafupi, n'kumayang'ana balalo m'mawa ndi madzulo, pakuti likatupa, kutuluka mafinya kapena kununkha, mlangizi wa ziweto amafunika msanga. Galuyo asaloledwe kunyambita bala kapena kupita kosaka mpaka ulusi utachotsedwa, pakatha masiku 10 mpaka 14. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena, pomumvera chifundo, amamumwetsa Brufen, mankhwala a anthu amene amawononga impso ndi chifu cha galu.