Mwana Woletsedwa Usipa: Nkhani ya PKU

Kuno ku Mangochi, mwana akayamba phala, agogo amathiramo usipa wosinja kuti akule ndi mphamvu. Koma mukudziwa kuti pali ana ena amene usipa womwewo ungawawonongere ubongo?

Matendawa ndi phenylketonuria, mwachidule PKU, ndipo mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Anawatulukira ndi dokotala wa ku Norway, Asbjørn Følling, mu 1934. M'mapuloteni amene timadya muli kachigawo kotchedwa phenylalanine. Chiwindi cha mwana wa PKU chimalephera kukasintha, ndiye kamaunjikana m'magazi mpaka kuwononga ubongo.

Mankhwala ake ndi kusala: nsomba, nyama, mazira, nyemba ndi mtedza, ayi. Ali khanda, ngakhale mkaka wa m'mawere amayamwa mochita kuyeza.

Msampha uli pamenepa. Mukachotsa usipa m'mbale, simunachotse phenylalanine yekha. Mwachotsanso calcium wa m'minga yake, ayironi, zinki ndi vitamini B12. Mwana angathe kuchepa magazi, mafupa kufooka, iyenso kupinimbira. Komanso phenylalanine yemweyo thupi limamufunabe pang'ono kuti likule.

Kumbukirani sikelo ya mu labu: mukapungula mbali imodzi, imapendekeka mpaka mutabwezera. N'chifukwa chake madokotala amapereka mkaka wapadera wopanda phenylalanine, koma wokhala ndi ma amino acid enawo, mavitamini ndi michere, n'kumayeza magazi pafupipafupi.

PKU siipezekapezeka. Choncho musauze achemwali anu kuti asiye kuyamwitsa. Khanda likamanyentchera, thamangani nalo kuchipatala akaliyeze.