Ku Tiruvannamalai osauka ndiwo amayamba kudya

Kum'mwera kwa dziko la India, m'chigawo cha Tamil Nadu, kuli mzinda wotchedwa Tiruvannamalai umene uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Chennai. M'mphepete mwa mzindawu muli phiri la Arunachala, limene Ahindu amaliyesa lopatulika, ndipo patsinde pa phirilo pali ashram yotchuka ya Sri Ramanasramam. Ashram, owerenga athu, ndi malo amene mphunzitsi wa zauzimu amakhala pamodzi ndi omutsatira, ndipo aliyense wofunafuna nzeru za Mulungu amafikako.

Tsiku ndi tsiku dzuwa lisanafike paliwombo, pabwalo la malowa pamakhala mzere wautali wa anthu osauka ndi asadhu, amene ndi anthu osiya nyumba, chuma ndi abale chifukwa cha chipembedzo. Onsewa amagawiridwa mpunga ndi ndiwo popanda kufunsidwa dzina kapena kumene achokera. Iwo akalandira, mpamene alendo ndi eni malo amalowa m'chipinda chodyera. Mwambowu amautcha Narayana seva, kutanthauza kutumikira Mulungu, pakuti iwo amakhulupirira kuti Mulungu amadza pakhomo m'thupi la munthu wanjala. Mwa ichi wopereka saona ngati wachita chifundo ai, koma kuti wapatsidwa mwayi.

Chiyambi cha zonsezi ndi njala ya mnyamata mmodzi. Pa 1 Setembala 1896 kunafika mumzindawu mnyamata wa zaka 16 dzina lake Venkataraman, amene anathawa kwao ku Madurai. Iye anataya ndalama zimene zinamtsalira, nakhala chete m'kachisi ndi m'mapanga a phirilo, osalabadira za thupi lake. Nthawi zina ankayenda m'makwalala, kuima pakhomo la munthu ndi kuwomba m'manja, ndipo chimene wapatsidwa ankadyera m'manja momwemo. Mnyamatayu ndiye anadzadziwika pa dziko lonse kuti Ramana Maharshi.

Amene anasunga moyo wake kwambiri anali amayi wamba. Mayi wina wamasiye, Echammal, amene anaferedwa mwamuna ndi ana, anakhala akumuperekera chakudya tsiku lililonse kwa zaka zoposa 30. Winanso, wodziwika kuti Mudaliar Patti, anachita chimodzimodzi mpaka imfa yake m'chaka cha 1949, ngakhale kuti iye mwini analibe chuma. Mayi ake omubereka, Alagammal, anadzakhala naye kuphiriko m'chaka cha 1916, ndipo mpamene moto wophikira unayamba kusonkhedwa tsiku ndi tsiku. Mayiwa atamwalira mu 1922 anaikidwa patsinde pa phiri, ndipo ashram inakula mozungulira manda awo.

Chodabwitsa nchakuti a Ramana atatchuka sanaiwale kumene anachokera. Kwa zaka zambiri ankadzuka kusanache kukathandiza ophika, kuwaza ndiwo zamasamba ndi kupera zokometsera. Sankalola kuti kanthu katayidwe, ngakhale makoko a ndiwo kapena njere ya mpunga yogwera pansi. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti iwo asapatsidwe chimene ena sanalandire. Munthu akabwera ndi chipatso kapena mankhwala opatsa mphamvu kuti adye okha, ankalamula kuti zigawidwe kwa onse amene ali pamenepo, kupanda apo sankalawa.

Otsatira awo amasimba kuti tsiku lina, anthu atachuluka, oyang'anira malo analengeza kuti opemphapempha ayambe achoka, adzalandira ena akatha kudya. Nthawi ya chakudya itakwana a Ramana sanaoneke. Atawafunafuna anawapeza atakhala pansi pa mtengo kunja kwa ashram, ndipo anawauza kuti achoka pomvera lamulo lija, popeza nawonso anafika mumzindamo ngati wopemphapempha. Oyang'anirawo anagwidwa ndi manyazi.

Tisanamizane kuti zonse zinali zosalala. Anthu a ku India ali ndi magulu obadwa nawo, ndipo m'masiku amenewo a gulu lapamwamba la Brahmin ambiri sankadya poonedwa ndi a magulu ena. M'chipinda chodyera munali chotchinga chogawa anthu pawiri. A Ramana sanachichotse, koma ankakhala pampata pamene mbali zonse ziwiri zimawaona, ndipo chakudya cha patsamba lawo chinali chomwecho chimene onse alandira.

Tati patsamba chifukwa kumeneko amadyera pamasamba, kawirikawiri a nthochi, atakhala pansi m'mizere. Operekera amadutsa ndi zidebe, kuika mpunga, ndiwo zamasamba ndi msuzi wotchedwa sambar, kenaka chambiko chosungunula ndi madzi. Nyama, nsomba ndi mazira sizilowa m'malowa. Sambar amaphika ndi bwemba ndi nandolo, yemweyu amene alimi athu kuno ku Mozambique amalima ndipo wambiri amagulitsidwa ku India. Mkaka umachokera m'khola la ng'ombe la ashram yomweyo.

A Ramana anamwalira pa 14 Epulo 1950, koma miphika sinazizire. Ashram imayenda ndi zopereka za anthu akufuna kwabwino, ndipo alendo ogona sawaikira mtengo, aliyense amasiya chimene angathe. Akuluakulu athu anati kupatsa nkuika. Amayi aja amene ankakwera phiri ndi kambale ka mpunga sanadziwe kuti akuika nkhokwe imene anthu mazanamazana akudyabe mpaka lero. Amene amakaona malowa amapeza kuti chiphunzitso cha mwini wake chimamveka bwino pamzere wa pabwalo uja, pamene wanjala amalandira mwini khomo asanasambe m'manja.