Maliya wa ku Rome ndi Maliya wa Pabwalo

M'chaka cha 1498 Kadinala Jean de Bilhères wa ku France, ali ku Rome, poona kuti dzuwa lake lapendeka, anapangana ndi mnyamata wosema miyala, Michelangelo, kuti amsemere chifaniziro cha Maliya atafukata mtembo wa Ambuye, choti chikaime pamanda pake. Ndipo m'kalata ya panganolo munalembedwa malipiro, ndalama zagolide 450, ndi nthawi, chaka chimodzi. Mmisiriyo analemba dzina lake palamba wodutsa pachifuwa pa Namwaliyo, chinthu chimene sanachibwereze pa chosema china chilichonse. Ntchito zake zazikulu zotsatira tiziwerenga ndi maina a eni chuma: nkhani za Genesis padenga la tchalitchi cha Sistine, kuyambira 1508 kufikira 1512, anazilamula Papa Julius II, ndipo Chiweruzo Chotsiriza chinatha mu 1541, m'masiku a Papa Paul III.

Ifenso kuno ku Vubwi, m'dziko la Mfumu Pembamoyo, tili naye Maliya, wofiira nkhope, wa nsalu zake ndi duku, amene atuluka pabwalo ng'oma zikalira. Makolo athu anamuona m'manja mwa azibambo a mishoni, monga aja anamanga Kachebere mu 1903. Ndipo popeza mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, sanamkane, koma anamlandira m'Gule Wamkulu pamodzi ndi Simoni ndi Yosefe, mwina moseka, mwina mophunzitsa anamwali. Chodabwitsa n'chakuti onse awiri ali a pamaliro, winayo anasemedwa kuti asungire Kadinala, uyu kuperekeza m'bale wotisiya.

Koma funsani kuti Maliya wathuyu anampanga ndani, akulu adzakuyang'anani ndi diso lakuthwa, pakuti chilombo sichipangidwa, chifuma kumanda, ndipo za kudambwe sizinenedwa pamsewu. Kalata ya pangano palibe. Alipo mwini mzinda, amene popanda chilolezo chake gule satuluka, ndipo pa mwambo wa Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, magule onsewo agwadira Kalonga Gawa Undi. Ine ndiyesa kubisa dzina kumeneku si umphawi wa luso ayi, ndi ulemu kwa mizimu, ngakhale kuli ndi mtengo wake, poti sitikhoza kulondola ntchito za mmisiri mmodzi zaka ndi zaka monga achitira a ku Italy. Koma ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayamba malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, osema mitanda ndi zifaniziro za m'tchalitchi adziwika maina, nalipidwa ndi maparishi amene awaitanitsa.