Dzuwa Likhale Kumbuyo Kwanu: Telala wa ku Karonga ndi Chithunzi cha Ntchito Yake

Kutatsala sabata ziwiri kuti Eid ifike, mlongo wathu amene amasoka pakhonde la nyumba yake pa boma la Karonga anatiitanitsa nkhope ili yakugwa. Dilesi limene anavutika nalo masiku anayi linali litabwezedwa kuchokera ku Mzuzu. Mayi amene analiitanitsa anati pa chithunzi anaona nsalu yobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi, koma atamasula phukusi anapeza yobiriwira moderapo ngati tsamba la mango.

"Achimwene, ndalakwa chiyani ine? Nsalu ndi yomweyo, msoko ndi womwewo," iye anadandaula. Titayang'ana chithunzicho pa foni tinaona kuti chinajambulidwa pamchenga 12 koloko masana, dzuwa lili paliwombo. Dzuwalo ndilo linasulutsa mtundu wa nsalu, ndipo mosadziwa mlongo wathu anagulitsa chimene analibe.

Chithunzi ndiye sitolo

Malonda a nsalu si achilendo ku Karonga. Pamene kampani ya African Lakes inatsegula sitolo yake kuno m'chaka cha 1884, nsalu inali katundu wamkulu wosinthanitsa ndi minyanga ya njovu. Lero zitenje zambiri zimalowera pa chipata cha Songwe, makilomita pafupifupi 45 kumpoto kwa boma, kuchokera ku Tanzania. Nsalu ilipo, manja aluso alipo, koma telala akulimbana ndi kaunjika amene mtengo wake iye sangaufike. Chomupulumutsa ndi kasitomala wofuna chovala chomuyenera thupi ndi ulemu wake, ndipo kasitomala wotereyu nthawi zambiri ali kutali: ku Mzuzu, ku Lilongwe, ngakhale ku Johannesburg. Iye sangakhudze nsalu, sangatembenuze msoko. Chimene amaona ndi chithunzi cha pa WhatsApp basi.

M'nyumba zathu zambiri muli mdima, ndipo babu amasintha mtundu wa nsalu. N'chifukwa chake timati tulukani panja. Musadandaule kuti mulibe situdiyo. Seydou Keïta, wojambula wotchuka wa ku Bamako m'dziko la Mali, amene anatsegula malo ake ojambulira m'chaka cha 1948, ankajambula anthu pabwalo la nyumba yake ndi kuwala kwa dzuwa, atapachika nsalu kumbuyo kwawo. Zithunzi zake, zoonetsa bwino zovala za anthu a kwawo, zinadzaonetsedwa m'mizinda ikuluikulu ngati Paris ndi New York.

Nyanja ili kum'mawa

Pano ndi pamene ambiri amaphonya. Kwa ife a ku Karonga nyanja ili kum'mawa, ndipo dzuwa limatulukira kuseri kwa mapiri a Livingstone, tsidya lija la Tanzania. Mukaimika munthu m'mawa nyanja ili kumbuyo kwake, ndiye kuti dzuwa nalonso lili kumbuyo kwake. Foni imaona kuwala kwa madzi n'kudetsa munthuyo, mwakuti dilesi lonse limangooneka ngati chithunzithunzi chakuda.

Choncho ngati mukufuna nyanja ioneke, dikirani mpaka itatha swala ya Asr. Nthawi imeneyo dzuwa lapendekera kumapiri a kumadzulo, lili kumbuyo kwa wojambula, ndipo kuwala kwake kofewa kumagwera pa chovala pamene madzi kumbuyoko akuoneka a buluu. Koma musachedwe, pakuti kuno dzuwa likayamba kulowa silizengereza. Likafiira kwambiri limapaka chikasu pa kanzu yoyera. Yambani lidakali m'mwamba pang'ono, mumalize nthawi ya Maghrib isanayandikire.

Ngati mpata muli nawo ndi wa m'mawa wokha, tembenukani: wojambula afulatire nyanja, ndipo kumbuyo kwa chovala kukhale nthochi, mitengo kapena mapiri. Abale athu a ku Chilumba, Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima lamulo lake ndi lomweli. Koma a ku Makanjira, amene nyanja ili kumadzulo kwawo, nthawi yawo yojambula madzi ali kumbuyo ndi m'mawa.

Masana dzuwa likatentha, monga lichitira mu October ndi November, thawirani pansi pa mtengo wa mango, koma muonetsetse kuti mthunzi wake ndi wathunthu, wopanda madontho a dzuwa ogwera pa nsalu. Tsiku la mitambo musalinyoze, ndilo limaonetsa mtundu weniweni wa chitenje. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumbuyo kusapikisane ndi chovala

Chitenje cha maluwa ambiri chimafuna malo osalala: mchenga, madzi kapena mpanda wa bango. Chovala cha mtundu umodzi chimakoma pamalo obiriwira, monga m'mbali mwa minda ya mpunga wa Kilombero ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya, imene imabiriwira mpunga ukamakula n'kusanduka yachikasu pokolola. Kanzu yoyera pamchenga woyera imatayika, ndipo maluwa a ulusi a pakhosi pake saoneka. Iikeni patsogolo pa nthochi. Dilesi lobiriwira musaliimike m'munda wa mpunga.

Musanajambule, sitani chovala bwino, dulani timaulusi totsalira, ndipo pukutani kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa thukuta la m'manja limachititsa chifunga pa chithunzi. Gwirani foni pa msinkhu wa chifuwa cha wovalayo, osati pamwamba pa mutu wake, ndipo mzere umene madzi akumanira ndi thambo ukhale wowongoka, nyanja isaoneke ngati ikutayikira mbali imodzi. Zithunzi zitatu n'zokwanira: cha kutsogolo, cha kumbuyo, ndi cha pafupi choonetsa msoko, mabatani kapena ulusi wa pa kofia wosokedwa pamanja. Chachitatuchi ndicho chimasiyanitsa ntchito yanu ndi ya m'belo.

M'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August, mphepo imakweza dilesi ndi kuulutsa mpango. Tengani mapini, kapena bisalani kuseri kwa mitengo. Ndipo pewani matsiriro a mitsinje ngati North Rukuru ndi malo a bango lowirira, kumene kumabisala ng'ona. Palibe chithunzi choposa moyo wa mwana wanu.

Chilungamo ndi ulemu

Mafoni a masiku ano ali ndi njira zowalitsira ndi zosinthira mitundu. Telala asazikhudze. Chipembedzo chathu chimaletsa wogulitsa kubisa chilema cha katundu wake, ndipo chithunzi chonamiza mtundu wa nsalu chili m'gulu lomwelo. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukajambula, ikani foni pambali pa chovala pamthunzi, muyerekeze. Ngati zikusiyana, jambulaninso.

Kenaka pali nkhani ya wovala. Chithunzi chikachoka m'foni mwanu sichibwereranso, chimafika m'manja mwa anthu amene simukuwadziwa. Musaveke mtsikana chovala n'kumutumiza kwa makasitomala iye mwini ndi makolo ake asanavomere, ndipo adziwe kumene chithunzicho chikupita. Pa za kujambula anthu, mashehe athu ali ndi maganizo osiyana, ndipo banja lililonse litsate chimene laphunzitsidwa. Koma malonda asaime chifukwa cha ichi: mungathe kujambula kuyambira m'mapewa kutsika, kapena kupachika dilesi pa hang'ala panthambi ya mtengo, kapena kuyala kofia pamkeka watsopano. Wogula akufuna kuona chovala, osati nkhope.

Kumbukiraninso kuti gombe lili ndi eni ake. Pali amayi ochapa, ana osamba, asodzi okonza maukonde ndi oyanika usipa. Yang'anani amene ali kumbuyo musanadine, ndipo ngati mukufuna bwato la munthu lioneke, yambani mwapereka moni ndi kupempha. M'mudzi wa eni, pitani kaye kwa amfumu, ndipo nkhalango za kumanda muzitalikire ngakhale mthunzi wake ukome bwanji.

Tsiku lotsatira tinaperekeza mlongo wathu kunyanja itangotha Asr, dilesi lija lili pa hang'ala. Tinalipachika panthambi, madzi ali kumbuyo, dzuwa lili kumsana kwathu. Pa chithunzi linatuluka lobiriwira ngati tsamba la mango, monga momwe liliri. Mayi wa ku Mzuzu uja sanabwererenso, ndipo ndalama ya basi inapita. Koma dilesilo linagulidwa ndi mayi wina Eid isanafike, ndipo atalilandira sanafunse funso lililonse.

Inu amene muli ndi telala pakhomo panu, kaya ndi mayi, mlongo kapena mwana, mubwerekeni foni ndi nthawi yanu madzulo amodzi. Makina iye amawadziwa kale. Muthandizeni kuyang'ana kumene kuli dzuwa.