Chiphaso cha Dokotala Chimayambira M'kalasi

Mayi wa ku Mgona akafika ndi mwana wodwala pa chipatala cha Area 25, kapena wa ku Biwi pa chipatala cha Kawale, safunsa kumene womupima mwanayo anaphunzira. Lamulo ndilo limafunsa m'malo mwake.

Lamulo limeneli linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987, ndipo ndilo linabala bungwe la Medical Council of Malawi. Bungweli limalemba m'kaundula madokotala, madokotala a mano, ma Clinical Officer ndi ma Medical Assistant. Limavomerezanso sukulu zowaphunzitsa pamodzi ndi zimene aphunzira. Motero amene apereka chiphaso ndiye alamula m'kalasi.

Nkhani yotere si yachilendo. Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry ku America mu 1937, koma digiri imeneyo siinali kumulola kuchiza m'maiko olamulidwa ndi Britain. Anayenera kuphunziranso ku Edinburgh, kumene analandira ziphaso mu 1941.

Sukulu yathu ya madokotala, College of Medicine, inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, lamulo lija liri kale m'malo. Kuyambira 2021 iri m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences. Wotsiriza kumeneko salembedwa kotheratu m'kaundula kufikira atagwira ntchito miyezi 18 moyang'aniridwa ndi akuluakulu pa chipatala chachikulu, monga Kamuzu Central muno mu Lilongwe. Choncho kuchulukitsa ophunzira popanda kuchulukitsa aphunzitsi ndi malo ophunzirirapo ntchito ndi kumanga nkhokwe yopanda denga.

Tipempha zinthu ziwiri. Inu aphunzitsi a m'sekondale za ku Area 23, Chinsapo ndi kwina konse, musanalangize mwana kupita ku koleji ya zaumoyo, ya kuno kapena ya kunja, fufuzani ngati bungweli limaizindikira. Kholo likhoza kugulitsa mbuzi ndi chimanga zaka zitatu, mwana nabwera ndi pepala losamulola kukhudza wodwala. Inunso akuluakulu a boma, pamene malamulo a chiphaso asintha, lengezani msanga ndi momveka, kuti makoleji akonze maphunziro awo, ndi kuti amene ali kale m'kalasi asadzidzimutsidwe pa chaka chomaliza.

Tifuna madokotala ambiri, pakuti mizere pa zipatala zathu ndi yaitali. Koma tisafupikitse mizereyo mwa kufewetsa mayeso. Wolipira mtengo wa kufewetsako adzakhala wodwala.