Nambala yomwe si nambala

Kompyuta ikauzidwa kugawa 0 ndi 0 pa manambala a madesimo, imalemba chizindikiro chotchedwa NaN, chosonyeza kuti pamenepo palibe nambala. Dongosololi linakhazikitsidwa mu 1985 pa muyezo wa IEEE 754, womwe katswiri wa masamu William Kahan anathandiza kwambiri kuukonza.

Phindu lake limaoneka bwino ku sikelo ya ana, monga ya pa chipatala cha Kabudula. Mwana amene sanabwere mwezi uno sanayezedwe. Kumulembera makilogalamu 0 n'kunama, ndipo bodzalo limatsitsa avereji ya ana onse. Pamafunika chizindikiro choti malowo ndi opanda kanthu.

NaN ilipo ya mitundu iwiri. Yachete imangoyenda m'masamu, pafupifupi yankho lililonse n'kutuluka NaN. Yochenjeza ili ngati msampha: ikangolowa m'masamu, purosesa imalemba kuti pachitika cholakwika, kenako kawirikawiri imaisandutsa yachete. Ziwirizi zimasiyana pa biti imodzi yokha.

Vuto lagona pa kamangidwe ka pulogalamu. Ikamangidwira makina a Intel a mabiti 32, nthawi zambiri manambala amadutsa m'gawo la purosesa lotchedwa x87, lomwe limatontholetsa NaN yochenjeza pongoitenga m'memore, masamu asanayambe n'komwe. Pulogalamu yomweyo ikamangidwira mabiti 64 imagwiritsa ntchito SSE2, yomwe imakopera nambalayo osaisintha. Mapurosesa akale a MIPS ndi PA-RISC ankawerenga biti ija mozondoka, moti yachete ya makina ena kwa iwo inali yochenjeza. Muyezo wa 1985 sunanene biti yoyenera; anaitchula pokonzanso mu 2008.

Ofufuza zaumoyo ambiri amawerengera ziwerengero zawo pa pulogalamu ya R, ndipo nkhaniyi imawakhudza. Mu R, pa manambala a madesimo, chizindikiro cha chinthu chosowa, NA, ndi NaN yomwe mkati mwake munabisidwa nambala 1954. Nambalayi ndi yokhayo yosiyanitsa mwana wosayezedwa ndi masamu olakwika. NA ikakumana ndi NaN wamba, chotuluka chimadalira purosesa ndi dongosolo lomwe pulogalamu inamangidwira, ndipo mapurosesa a RISC-V amataya nambala yobisikayo pochita masamu. N'chifukwa chake wowerengera wosamala amayamba wapatula ana osayezedwa ndi lamulo la is.na, lomwe limagwira NA ndi NaN zonse, asanapeze avereji.