ILALA: SITIMA IMODZI, AMBUYE AMBIRI

Ambiri a ife kuno ku Chongwe tikumbukira mabasi a UBZ amene anali kudutsa pa mseu waukulu wa Great East, kucokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Kampani ija inatsekedwa mu 1995, ndipo mabasi ake anamwazikana, dzina lake n'kutsala m'makamwa mwa akuluakulu okha. Koma mukatsata mseu womwewo, kuoloka mlatho wa Luangwa, kupyola Chipata ndi Mchinji mpaka kutsikira ku Nyanja ya Malawi, mudzamva za sitima ya pamadzi imene inakana kufa pamodzi ndi makampani amene anali kuiyendetsa. Dzina lake ndi Ilala.

Dzinali n'locokera kuno kwathu ku Zambia. Ilala ndi dziko la Alala, kumene David Livingstone anamwalirira pa mudzi wa Mfumu Chitambo mu May 1873. Patapita zaka ziwiri, amishoni a ku Scotland anabwera ndi kasitima kanthunzi ndipo anakacha Ilala pokumbukira malo amenewo. Kasitimako kanakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, ndipo pofika pa mathithi anakaphwasula. Anthu mazanamazana anasenza zitsulo zake pamutu mpaka kumtunda kwa mathithiwo, kumene anakalumikizanso. Pa 12 October 1875 kanalowa m'nyanja, kukhala sitima yoyamba yanthunzi pa madzi amenewo. Nakonso sikanakhalitse m'manja amodzi: patapita zaka zocepa amishoni anakapereka kwa amalonda a African Lakes Company.

Ilala imene tikunena pano ndi yaciwiri, ndipo inabadwa pambuyo pa maliro. Pa 30 July 1946 sitima yatsopano yochedwa Vipya, ili pa ulendo wake wacinayi cabe, inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anamira. Cakudza siciimba ng'oma. Kampani ya njanji ya Nyasaland Railways, imene inalinso kuyang'anira maulendo a panyanja, inaitanitsa sitima ina yolimba. Anaipanga mu 1949 amisiri a kampani ya Yarrow pafupi ndi mzinda wa Glasgow. Popeza palibe njira ya pamadzi yoti sitima yaikulu n'kufikira pa nyanjayi, anaibweretsa zidutswazidutswa mpaka ku doko la Beira, kenaka pa njanji, ndi kuilumikiza ku Monkey Bay. Inayamba nchito mu 1951. M'litali mwake ndi mamita 52, ndipo anaipanga kuti izinyamula anthu oposa 300 pamodzi ndi katundu wokwana matani pafupifupi 100.

Kucokera pamenepo ambuye ake akhala akusinthana. Dziko la Malawi litalandira ufulu mu 1964, sitimayi inakhala pansi pa Malawi Railways. Pakati pa zaka za m'ma 1990, nthawi imene maboma a m'cigawo cino anali kugulitsa kapena kutseka makampani ao, nchito ya panyanja inapatulidwa ku ya njanji ndi kupatsidwa kampani ya boma ya Malawi Lake Services. Mu 2002 boma linabwereketsa nchitoyi kwa kampani ya Glens Waterways, koma pangano lija linatha nthawi yake isanakwane. Mu 2010 inaperekedwa kwa kampani ya ku Portugal ya Mota-Engil, imene inakhazikitsa Malawi Shipping Company kuti iziyendetsa zombo za panyanjapo. Mapepala anasainidwa kambirimbiri, maofesi anasintha zikwangwani, koma citsulo cinali comwe cija ca 1949.

Tsono cimene sicinasinthe ndi anthu oidikira pa gombe. Kwa zaka zambiri ulendo wake unali wa mlungu ndi mlungu: kunyamuka ku Monkey Bay tsiku Lacisanu, kukwera kumpoto kudzera ku Nkhotakota, zilumba za Likoma ndi Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe mpaka ku Chilumba, ndi kubwerera njira yomweyo. Zilumba ziwirizi n'za Malawi ngakhale kuti zazingidwa ndi madzi a Mozambique, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti pamakhala anthu oposa 14,000. Minda yao ndi yaing'ono ndi yamiyala. Cimanga, shuga, sopo, simenti, malata ndi mankhwala a kucipatala, zambiri mwa izi zimadza pamadzi, ndipo matumba a usipa wouma amacoka pamadzi. Mwana wopita ku sukulu ya sekondale kumtunda, mai wotumizidwa ku cipatala cacikulu, ngakhale bokosi la maliro lobwerera kwao, onse njira yao ndi imodzi.

M'malo ambiri mulibe doko loti sitima n'kutsamirapo. Imaima patali ndi gombe, ndipo amalinyero amatsitsa mabwato ake awiri a injini kuti azituta anthu ndi katundu, nthawi zina pakati pa usiku, mphepo ya mwera ikuomba. Okwera amatsikira m'madzi ofika m'maondo kapena m'ciuno, mwana kumsana, katundu pamutu. Alendo a kunja amene amagona m'zipinda za pamwamba amaona ngati cosangalatsa. Kwa okhala pansi, pakati pa madengu ndi nkhuku, ndi moyo wa masiku onse.

Kufunika kwa sitimayi kumaoneka bwino ikaima. Mu 2012 inacotsedwa pamadzi kwa miyezi yambiri kuti aikonze ndi kuikamo injini zatsopano, ndipo inabwerera mu 2013. Sitima yotere ikasowa, anthu saleka kuyenda, cifukwa njala ndi matenda siziyembekeza. Amakwera mabwato a matabwa odzaza mopyola muyeso, pa nyanja yomwe ija inameza Vipya. Katundu amakwera mtengo m'magolosale, ndipo nsomba zimaonongeka zisanafike pa msika. Amene anasaina pangano ku ofesi sagona ndi njala. Wovutika ndi msodzi ndi banja lake.

Apa ndi pamene pali phunziro la mbiri ya Ilala. Mwini aliyense watsopano anailandira ili yokalambirapo kuposa mmene anailandirira mnzake, ndipo aliyense anali ndi cifukwa coiyendetsabe: kugula sitima yatsopano kumafuna ndalama zambiri, pamene okwera ake ambiri ndi anthu osauka amene sangathe kulipira mtengo wokwera. Wamalonda amawerenga phindu, ndipo sitingamudzudzule pa ici. Koma njira yokhayo yofikira ku mudzi wa anthu si malonda wamba ngati kugulitsa tomato. Boma likhoza kubwereketsa sitima, koma udindo wosamala miyoyo ya oikwera silingaubwereketse kwa wina aliyense.

Ulemu waukulu upite kwa amakanika ndi amalinyero a ku Monkey Bay, amene maina ao salembedwa m'mapangano. Mibadwo itatu ya anthu amenewa yakhala ikuocerera zitsulo, kupala dzimbiri ndi kumvetsera kulira kwa injini usiku, pansi pa bwana aliyense amene anabwera. Ndiwo anacititsa kuti sitima imene inalowa m'madzi dziko la Zambia lisanabadwe ipyole zaka 70 ikunyamulabe anthu.

Ife a ku Chongwe tilibe nyanja, koma funso lake tikulidziwa. Basi ikaleka kufika kumudzi cifukwa mseu waonongeka kapena cifukwa mwini wake waona kuti sipakupindulitsa, mai wodwala amakwezedwa pa ngolo ya ng'ombe. Tsiku lina Ilala idzapumula ndithu, pakuti palibe citsulo cosatha. Cofunika n'cakuti pa tsikulo anthu a pa Likoma, Chizumulu ndi Ruarwe adzaime pa gombe ndi kuona sitima ina ikubwera.